Kutsanzika Kanyerere

6 Okutobala

Amake Kanyerere,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ndiponso kuti mwendo wa apongozi anga wayamba kumva mankhwala. Ife kuno tili moyo, kungoti mwana wanu watenga chimfine ku sukulu ya mkaka n'kudzandigawirako, poti iye pa zogawa sadziwa kumana.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndikaimba inu mumaika pa sipika, ndiye ndikafunsa mkazi wanga kuti wagona bwanji amandiyankha ndi apongozi, azakhali anu ndi tambala. Choncho ndizilemba papepala, ndizijambula ndi foni n'kukutumizirani. Muziwerenga muli nokha.

Tinkati mukadwazika amayi masabata awiri okha, mwana atsale ndi ine poti pasipoti yake inali isanatuluke. Masabata awiri aja lero akwana asanu ndi awiri. Za mapepala anu obwerera kuno ndinapitanso ku ofesi kuja Lachitatu, ndipo akuti tidikirebe.

Masamba ayamba kuyoyoka. Mitengo yonse ya mumsewu mwathu yasanduka yofiira ndi yachikasu, ndipo kwa ife osesa ino ndiye nyengo yokolola. Kapitawo watipatsa misewu inayi ndi paki yaikulu ija ya abakha. Ine amene kwathu ndinkathawa tsache n'kumati ndi ntchito ya asungwana, lero ndikudyera tsache lomwelo. Mukakumana ndi amayi anga muwauze, aseke mpaka akhute.

Nkhani imene ndalembera ndi iyi. Tsiku loyamba kukamusiya Kanyerere ku mkaka ndinachita monga tinakulira tonse. Ndinamupatsa chidole, atangoyang'ana kumbali ine ulendo. Madzulo Aphunzitsi ake anandiimitsa pakhomo. Ndi mayi wamfupi wa magalasi, wondilekeza m'khwapa, koma tsiku limenelo wochepa ndinali ine.

"Bambo, mwana wanu walira mpaka masana," anatero. "Amakufunani kuseri kwa zitseko ndi pansi pa matebulo. Mwana sitimuzemba. Muzigwada, muzimuyang'ana m'maso, muzimuuza kuti mukupita ndi nthawi imene mubwere. Ngati n'kulira, alire inu mukuona."

Ndinati kwathu tonse anatizemba ndipo takula bwinobwino, ndevu ndi izi. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga amayi ake anachoka bwanji?" Mukukumbuka kuti ndinamunyamula kukaona abakha, inu n'kukwera takisi ndi sutikesi yanu. Sindikukunenani, nzeru imene ija inali yanga. Koma kuyambira tsiku lija mwanayu amagona atakumbatira nsapato yanga ya kuntchito, ndi matope ake omwe, ndipo ine ndinkangoti ndi masewera a ana.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimagwada pakhomo la sukulu, amuna anzanga akudutsa. Ndimamuwerengera zala zitatu: udya, ugona, ababa abwera. Masiku anayi oyamba analira koti nanenso ndinkafika kuntchito maso ali psuu. Dzulo wawerenga yekha, kenaka wandikankha kuti ndizipita.

Munda wa kudambo musausiye mpaka mvula ikupezeni. Muwauze alamu anga ayambe kusosa, ndipo denga la khitchini alifolere mwezi uno usanathe.

Ndakusowani kwambiri, mkazi wanga. Chipinda ndi chimodzi chomwe chija, koma masiku ano chikundikulira.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

20 Okutobala

Amake Kanyerere,

Landirani moni wa kuno. Chimfine chija chatisiya tonse awiri, ndipo ndakondwa kumva kuti apongozi ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde.

Ndamva kuti munalira Lamlungu foni itaduka. Musaganize kuti mwana wakuiwalani, kapena kuti ine ndikumuuza zoipa za inu. Mukamalankhula iye amalanda foni n'kuitembenuza, kufuna kuona ngati muli kuseri kwake. Akapeza kuti kulibe munthu ndi pamene amaiponya pabedi n'kukakhala pakhomo. Chimenecho si chidani.

Masana a tsiku lomwelo ndinapita naye ku paki. Taonani zochitika pa dziko: masiku asanu ndi limodzi ine ndiunjike masamba, lachisanu ndi chiwiri mwana wanga yemwe adzamwaze. Ana a kuno amathamanga n'kudziponya pamulu, makolo awo akuwomba m'manja. Poyamba zinkandiwawa, poti msana wopanga miluyo ndi wanga. Koma Kanyerere atadziponya koyamba, n'kuvuukamo masamba ali m'tsitsi ndi m'kamwa, anaseka kuseka kuja kumene ndinakumva komaliza inu mulipo. Ndinavula jekete, nanenso ndinadzigwetsa momwemo. Mnzanga wina wa kuntchito anadutsa ndi mkazi wake, ndipo Lolemba nkhani ya gulu lonse inali ine.

Dzina lija simunamupatse pachabe. Chilichonse cha panjira amatuta: masamba, timitengo, tinjere tolimba timene agologolo amalimbirana pansi pa mitengo. Nkhokwe yake ndi matumba a jekete langa. Tikafika kunyumba timayala zonse patebulo, iye asankhe, ine ndimate papepala ndi guluu monga amachitira ku mkaka. Khoma la kumutu kwa bedi ladzaza. Tsamba lalikulu akuti ndi ababa, laling'ono ndi iyeyo. Nditafunsa kuti la amama ndi liti anangoti, "Palibe," n'kupitiriza kusankha.

Pamenepo ndinamukhazika pamwendo n'kumuuza zimene tinayenera kumuuza mu Ogasiti. Ndinati amama anakwera ndege, anapita kutali kukasamala agogo amene akudwala mwendo. Ndinati sitinakuuze, tinalakwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatukula zala zake zitatu zija.

"Amama adye, agone, abwela?"

Kunama sindinafune, poti womuuza zoona ndatsala ndine. Ndinati tsiku sindikulidziwa, koma ndikalidziwa woyamba kumuuza ndiwe. Anavomera ndi mutu ngati munthu wamkulu, n'kupempha tiyi.

Mbewu mugule yocha msanga, osati ija inatipusitsa chaka chatha. Kangachepe ndatumiza kudzera njira yomwe ija. Kapitawo akuti ntchito ilipo malinga masamba ali m'mitengo, za pambuyo pake tidzakamba. Inu zimenezo musaziganizire.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

6 Novembala

Amake Kanyerere,

Ine ndili bwino, mwana ali bwino, kaya inu kumeneko ndi kutentha mukunenako. Kuno kwazizira, kamvula kowaza sikakusiya, ndipo dzuwa likuweruka msanga kuposa ife antchito.

Kalata ya ku ofesi ija mwaiona pafoni. Akana. Akuti mukhoza kupemphanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndinaiwerenga kawiri nditaima pa masitepe, kenaka ndinaipinda n'kupita kukatenga mwana. Sabata yomweyo pasipoti ya Kanyerere nayo inatuluka, ngati anachita kupangana.

Tsopano za mawu amene munanditumizira. Mukuti poti Anesi aja a kutchalitchi kuno akubwera kumudzi pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka, ndiwapatse mwana abwere naye. Ndinamvanso mawu a apongozi kumbuyo kwanu, akuti mwamuna sangalere mwana wamkazi. Muwauze mwaulemu kuti mdzukulu wawo wanenepa, zikhadabo ndi zowenga, ndipo tsitsi ndikumuluka ndekha. N'zoona kuti mizere yanga imayenda ngati ya munthu wolima ataledzera, ndipo Aphunzitsi amamasula n'kulukanso mwakachetechete, koma ndikuphunzira.

Yankho langa ndi lakuti ayi. Mwanayu wangoyamba kumene kukhulupirira kuti munthu akachoka amabwera. Nsapato ija wasiya kugona nayo sabata yathayi. Ndiye ndimutenge, ndimupatse mayi amene amamuona Lamlungu lokha, ayende naye pandege tsiku lonse? Komanso ndinene zoona, poti mukuwerenga nokha. Iyeyu akachoka ine nditsala ndi chiyani kuno? Munthu amapirira kusesa misewu ya eni tsiku lonse chifukwa madzulo pali wina womuthamangira.

Ndikudziwa kuti kumsana kwanu kwapepuka ndipo kukukuwawani. Ndikudziwa kuti munamubereka ndinu. Sindikulimbana nanu, ndikungopempha kuti tidikire miyezi imeneyo tione.

Ndamugulira tijombo tofiira pa kaunjika. Chithaphwi chilichonse cha pakati pa nyumba ndi sukulu amachidziwa, ndipo sitidutsa osapondamo. Ulendo wa mphindi khumi ukutitengera theka la ola. M'mawa mpweya ukamatuluka m'kamwa ngati utsi amati, "Ababa, ndapsa," n'kumauzira kuti ndione. Abakha ambiri anauluka kuthawa chisanu, atsala ndi aulesi okhaokha, ndipo iye amawasungira makoko a buledi wake m'thumba la diresi. Ndimawapeza pochapa, atasanduka phala.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale alamu akakamire bwanji. Ili ndi bere, angoiona kunenepa.

Musandikwiyire nthawi yaitali.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

19 Novembala

Amake Kanyerere,

Tili bwino tonse awiri. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, muwagwire pamene mukuwerenga zotsatirazi. Mwana alibe bala ngakhale limodzi.

Lachinayi anadzuka thupi likutentha pang'ono. Ku mkaka salandira mwana wotentha thupi, ndipo Anesi anali pa ntchito. Kujomba sindikanatha, poti masiku ano Kapitawo akuyang'ana oti atsale ndi oti apite. Ndinamuveka majuzi awiri n'kupita naye. Ndinamukhazika kutsogolo kwa galimoto yathu ya ntchito ndi bulangeti ndi chidole chake, ndinamuuza kuti ababa ali apo, uziwaona pawindo.

Kuti chitseko anatsegula bwanji sindikudziwa mpaka lero. Ine makina opemerera masamba anali kumsana, m'makutu nditatseka. Iye anaona mulu waukulu m'mbali mwa msewu, ndipo mukudziwa chimene amachita akaona mulu. Analowamo n'kudzikwirira kuti ndimufune. Mulu umenewo ndi umene lole yonyamula masamba inkabwerera chammbuyo kudzatenga.

Amene anaona kajombo kofiira ndi Kapitawo. Zina sindilemba.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandiikira mwana m'manja, mwanayo akuseka kuti tamupeza, n'kundiuza kuti ndipite kunyumba.

Apongozi musawauze. Anesi ndalankhula nawo potuluka m'tchalitchi. Anyamuka pa 28 Disembala, ndipo akuti kalata yovomereza kuti mwana ayende nawo tikasainitse sabata ino. Inu munkanena zoona, ine ndinkaganiza za ine mwini.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

7 Disembala

Amake Kanyerere,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino, mvula yagwa ndipo mwadzala. Ndinaona chithunzi cha apongozi ali m'munda ndi ndodo yawo kulamula anthu, ndinadziwa kuti achira ndithu. Ife kuno tili bwino, kupatula bondo langa limene layamba kukambirana ndi chisanu.

Zikomo kuti simunanene kuti ndinakuuzani. Munangoti mwana ali kuti, ndimuone. Mawu amenewo ndawasunga.

Mitengo yatsala mbulanda. Ife tikutsiriza pa 15. Kapitawo wandipezera malo kwa mnzake, ku nyumba yosungiramo katundu, koma kumeneko amalowa faifi koloko m'mawa ndipo ndiyamba chaka chikangolowa. Ndiye mukuona kuti ngakhale za Lachinayi lija zikanapanda kuchitika, nkhani ikanafika pomwepa.

Masiku atsalawa ndikuwagwiritsa ntchito ngati sopo womaliza. Mumsewu waukulu apachika timagetsi tambirimbiri m'mitengo yonse, ndipo poti kukuda folo koloko, tikachoka ku mkaka timadzera komweko. Tsiku loyamba anaima n'kuyang'ana m'mwamba kukamwa kuli yasa, kenaka anati, "Ababa, masamba abwela." Ndinati eya, koma awa asagwe, poti wosesa ndine. Pawindo la shopu ina pali kasitima kachidole kozungulira, kamalowa m'phanga n'kutulukira mbali ina. Pamenepo timaima mpaka zala zanga zife. Kakalowa iye amagwira mpweya, kakatuluka amandiyang'ana ine ngati ndakatulutsa ndine.

Lachisanu ku mkaka anaitana makolo kukapanga mabisiketi ndi ana. Anandikhazika pa kampando ka ana, mawondo kufika kuchibwano, pakati pa amayi okhaokha onunkhira mafuta, ine ndi nsapato za ntchito. Kanyerere ankadinda mtanda ndi kachitsulo kooneka ngati nyenyezi, ndipo pa nyenyezi zitatu zilizonse imodzi inkalowa m'kamwa yosaphika. Wakusungirani imodzi m'kabokosi ka machesi aakulu. Mukadzailandira musaiyang'anitsitse, mungodya.

Aphunzitsi anandiphunzitsa njira youzira mwana za ulendo. Tapanga unyolo wa mapepala, mphete imodzi tsiku limodzi, tapachika pawindo. M'mawa uliwonse amadula imodzi, ndipo akudziwa kuti ikadzatha yomaliza akwera ndege kupita kwa amama. Munamva nokha Lamlungu atagwira foni ndi manja awiri n'kunena kuti, "Amama, tikubwela." Munaseka n'kulira nthawi imodzi, ndipo mwina simunamvetsetse kuti anati tikubwera.

Chovuta chili pamenepo. Iye akudziwa kuti tikupita tonse. M'kachikwama kake walongedza tijombo take, supuni yanga ndi chipewa changa cha ntchito, ndipo ndikachitulutsa amachibwezera. Kuti ine nditsala sindinamuuze. Aphunzitsi anandifunsa dzana, ndinati ndimuuza mawa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikudziwa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ndikamuona akudula mphete yake akuimba, ndimangoti mawa.

Feteleza wachiwiri musachedwe naye. Ndipo mugule neti yatsopano ya udzudzu, ija yakale ndi yobowoka.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

27 Disembala

Amake Kanyerere,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Tili bwino. Kalata iyi ndijambula monga mwa masiku onse, koma pepala lake libwera ndi mwana m'kachikwama, pamodzi ndi khadi lake la kusikelo.

Masiku a chikondwerero tadya awiriwiri. Mashopu anatseka, mumsewu munali zii, ndipo m'mawindo a anthu tinkaona mabanja atazungulira matebulo. Ine ndinaphika nkhuku, ndinamuveka diresi lachikasu lija munamusiyira lili lalikulu, pano lamukwana. Masana kunagwa chipale chofewa koyamba chaka chino. Tinatsika panja, iye anatambasula dzanja, kanthu koyera kanatera n'kusungunuka, anandiyang'ana ngati ndamubera ndine. Kenaka anayamba kuthamanga lilime lili panja. Ndinaseka, koma mumtima ndinkangoti amake akanaona. Kapitawo anabwera ndi kawilibala kachidole, anakhala mphindi zisanu osavula chipewa, n'kumapita. Kawilibalako sikakwana m'chikwama, katsala kuno.

Tsopano mverani za mwana wanu, poti amene munamusiya mu Ogasiti si amene akubwerayu. Musakhumudwe kuti ndikukuuzani ine.

Tiyi amamwa wozizira, ndipo m'kapu ya buluu imene ndaika m'chikwama. Dzira amadya choyera chokha, chachikasu amapatsa amene wamukonda tsiku limenelo, ndiye akakupatsani mulandire. Pogona amagwira khutu la munthu, osati dzanja. Akati atuluke panja m'mawa amafuna avale nsapato yekha, amasemphanitsa, mumusiye, amazindikira pofika pakhomo. Mawu ena amalankhula a chiyankhulo cha kuno. Ana a azakhali asamuzungulire ngati kanema, ndi wamanyazi ngakhale amaoneka wolimba.

Nkhuku yamoyo sanaionepo, mbuzi ndiye amaidziwa m'buku. Mumuonetse pang'onopang'ono, ali m'manja. Azigona m'neti tsiku lililonse, poti thupi lake malungo siliwadziwa. Akangotentha thupi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba mwafunsa maganizo a mudzi wonse.

Pabwalo la ndege mwina sadzakuthamangirani. Mwina adzabisala kumbuyo kwa Anesi. Musadzamukoke, ndipo apongozi asadzayambe nthungululu m'khutu mwake. Mudzagwade, mudzadikire. Adzabwera yekha, ndipo choyamba adzakugwirani nkhope kuti aone ngati muli ndi kuseri.

Chachikulu ndi ichi, ndipo muwauze onse a pakhomo, kuyambira apongozi mpaka alamu. Mwanayu asazembedwe. Kaya mukupita kuchigayo, kaya kumjigo, kaya kuseri kwa nyumba kukayanika zovala, muzimuuza. Anthu adzakusekani kuti mukupempha chilolezo kwa mwana wa zaka ziwiri. Asekeni nawo, koma muzigwadabe. Zinanditengera miyezi itatu kuti afike pamene alipa, ndipo kugumula sikuchedwa.

Mphete yatsala imodzi pawindo. Sindinamuuzebe. Ndaganiza kuti ndikamuuze pabwalo la ndege pomwepo, kuti asalire masiku awiri koma ola limodzi. Mawu ndakonza kale, ndakhala ndikuwabwereza posamba ndi pophika. Ndidzati ababa atsala kuno kuntchito, iwe upita ndi anti kwa amama, ukadzuka ababa sabwera, koma adzabwera, ndipo tsiku akalidziwa woyamba kumuuza ndiwe. Adzalira ine ndikuona, monga ananenera Aphunzitsi. Zimenezo ndiye ndikulonjeza.

Mundipsompsonere pachipumi akafika.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere

28 Disembala

Amake Kanyerere,

Ndili bwino m'thupi. Pamene mukuwerenga iyi mwana ali m'mwamba, ndipo Anesi anatumiza uthenga asanazimitse foni kuti akhala pawindo. Mukawalandire mawa teni koloko monga tinapangana. Iyi ndajambula kuti ikupezeni iye asanafike, chifukwa imene ili m'chikwama ili ndi bodza kumapeto.

Tinafika nthawi yabwino. Iye ndiye ankatsogolera, kachikwama kumsana, kuuza aliyense wovala yunifolomu kuti tikupita kwa amama. Katundu tinapereka, makalata anaona, zonse zinali m'malo. Tinafika pamene amalekezera operekeza. Anesi anati, "Achimwene, nthawi ndi ino," n'kusuntha pang'ono kutipatsa malo.

Ndinagwada. Ndinamugwira mapewa, ndinamuyang'ana m'maso monga ndachitira m'mawa uliwonse miyezi itatu. Iye anandikonza kolala ya jekete, n'kunena kuti, "Ababa, tiyeni, ndege itisiya."

Amake mwana, mawu onse aja anathawa. Kumbuyo kwake ndinaona kashopu kogulitsa zipatso, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Tsogola ndi anti, ababa akagule nthochi zodya m'ndege."

Sanalire n'komwe. Sanandigwire jekete, sanafunse kachiwiri. Anangoti, "Zitatu," n'kupereka dzanja kwa Anesi. Akanakayika pang'ono bola, koma anakhulupirira nthawi yomweyo, poti ine sindinamunamizepo. Anesi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Ndinakaima kuseri kwa chipilala. Ndinamuona akuvula yekha tijombo kuti tidutse pa makina, akuikamo chidole chake m'beseni, bwinobwino ngati munthu wozolowera maulendo. Atadutsa anatembenuka n'kuima, maso ali ku kashopu kaja. Anesi anamukoka, iye anakana, akuloza. Anamunyamula. Mpaka pokhota mutu wake unali cha kuno, ndipo sankalira, ankangoyang'ana kuti nditulukira pati.

Ine amene ndakulemberani tsamba lonse la malamulo, ndachita choposa chimene tinachita mu Ogasiti. Nthawi ija anali asanadziwe kuti munthu akhoza kutsanzika.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Akafika adzayang'ana kumbuyo kwa Anesi, adzafunsa. Musadzanene kuti ababa akubwera mawa, kapena kuti ali m'ndege ina. Apongozi adzafuna kutero kuti atonthole, muwaletse. Mudzagwade, mudzamuuze kuti ababa atsala, ananama, ndipo akudziwa kuti ananama. Akadzafuna kulankhula nane pafoni ndidzamuuza ndekha. Akadzakana musamukakamize, ndidikira.

Nthochi zija ndinagula ndithu. Ndinaima pamzere, ndinasankha zitatu zakupsa bwino, ndinabwerera nazo pamalo pamene ndinagwada paja. Ndinapeza pali banja lina likujambulitsa. Ndabwera nazo kunyumba, zili patebulo pano, ndipo sindikudziwa kuti ndizitani nazo.

Ndine wanu,
Bambo a Kanyerere